Anamutcha "rasta" chonsecho mutu wake ndi mpala

Msuweni wanga anabwera kuchokera ku Joni mu Disembala, nthawi imene kuchigwa kuno thukuta limakupeza ngakhale utakhala pansi pa mtengo wa nimu. Tinali ndi mwambo wa chiliza cha atsibweni, bambo ake, ndipo simenti, matailosi ndi ng'ombe yoti anthu adye, zonse zinagulidwa ndi ndalama zake. Anatulukira pa galimoto yoyera, yaitali, ya magalasi akuda, nyimbo zikugunda mpaka mbuzi kuthawa pabwalo. Atatsika tinaona tcheni pakhosi, mphete m'zala, nsapato zosongoka, ndi jekete pamwamba. Jekete, pa dzuwa la ku Chikwawa.

Amayi analulutira. Ana anazungulira galimoto n'kumadziyang'anira pa zitseko. Koma kuseri kwa khola ndinamva azibambo awiri akunong'onezana kuti, "Ameneyu si uja ankadyetsa ng'ombe za eni ake kudambo?" Kenako kuseka. Pasanathe ola, azibambo omwewo anali atamuimitsa pambali, aliyense akufotokoza vuto lake.

Mawa lake tinapita awiri pa Nchalo kukagula shuga, mafuta ophikira ndi zakumwa za pamwambo. Tinalowa m'golosale ya bambo wina wachikulire amene tonse tinkangowatcha a Papa. Anali mmodzi mwa anthu aja timangowaphatikiza kuti Maburundi, osafunsa n'komwe ngati kwawo ndi ku Burundi, ku Rwanda kapena ku Congo. Kwawoko anali mphunzitsi, ndipo pa kauntala pawo sipankasowa buku la Chifalansa lothothoka chikuto. Msuweni wanga sanafunse mtengo wa chilichonse. Anasolola mpukutu wa ndalama, ma rand pamwamba, makwacha m'kati, nanyambita chala, nauza anyamata a kabaza amene anali pakhonde kuti aliyense atenge botolo lozizira. Atatuluka kukatsegula buti, a Papa anamuperekeza ndi maso mpaka pakhomo, nanena chapansipansi kuti, "Rasta."

"A Papa, rasta wake uti? Simukuona kuti munthuyu anameta mpala?"

Anaseka, nang'amba kachidutswa ka katoni ya sopo, nalembapo ndi bolopeni: rastaquouère. "Si a tsitsi lopota aja ayi," anatero. "Awa ndi mawu akale a Afalansa. Mlendo wolemera dzulodzuloli, amene akufuna aliyense aone."

Sananene mwankhanza, ndipo mpukutu uja anali atangoupungula iwo omwe. Koma mawuwo sanandichoke, ndipo ndinayamba kuwalondola kumene anachokera.

## Paris ndi anthu a ng'ombe

Choyamba tichotse chisokonezo. Marasta amene timawadziwa ife dzina lawo linachokera kwa Ras Tafari, uja anavekedwa ufumu wa Ethiopia mu 1930 n'kutchedwa Haile Selassie, ndipo chikhulupiriro chawo chinaphukira ku Jamaica. Rasta wa a Papa ndi wina, ndipo ndi wamkulu pa kubadwa. Ndi chidule cha mawu amene anafala mumzinda wa Paris cha m'ma 1880.

Nthawi imeneyo ku South America kunali mabanja amene analemera koopsa chifukwa cha minda ikuluikulu, migodi ndi ziweto. Ku Argentina makamaka, chuma chinali ng'ombe. Mafiriji asanabwere, nyama yaiwisi sikanatha kuwoloka nyanja, choncho chimene chinkagulitsidwa kunja chinali chikopa, mafuta ndi nyama yothira mchere. Mu 1876 sitima ya ku France yotchedwa Le Frigorifique inanyamula nyama yoziziritsidwa kuchoka ku Rouen mpaka ku Buenos Aires, ndipo m'zaka zotsatira nyama ya ku Argentina inayamba kudzaza misika ya ku Ulaya. Eni ng'ombe aja ndalama zinawachulukira m'manja. Akazipeza, kokazidyera kunali ku Paris. Ankafika ndi banja lonse ndi antchito, n'kutenga zipinda zodula m'mahotela, n'kumavala miyala yonyezimira masanasana. Amasimba kuti ena ankakweza ng'ombe yamkaka m'sitima kuti ana asasowe mkaka wa tsiku lomwelo panyanja. Afalansa anafika pokhala ndi kanenedwe kakuti "wolemera ngati wa ku Argentina."

Ndiye anawafunira dzina. Sanalipeke okha, anabwereka ku Chisipanishi cha kwawo kwa alendowo: rastracuero. M'chinenero chimenecho cuero ndi chikopa, ndipo arrastrar ndi kukoka chinthu pansi. Wokoka zikopa. Amene ali ndi abale kutsidya ku Mutarara kapena ku Morrumbala akhoza kuwamva mawuwa osavutika, chifukwa m'Chipwitikizi chikopa ndi couro, kukoka ndi arrastar. Lilime la Afalansa linawapinda kukhala rastaquouère, kenako anawadula kukhala rasta, n'kuyamba kutchulira mlendo aliyense wakhungu loderako, wovala mopyola muyeso, amene chuma chake sankachikhulupirira.

Mawuwa anabwereranso kwawo atasintha. Chisipanishi chinawalandira ngati rastacuero, ndipo ku Brazil mpaka lero amati rastaquera ponena munthu wodzionetsera koma wopanda khalidwe. Anthu amene ankanyozedwa nawo ku Paris anawatenga n'kukanyozera anzawo kumudzi.

Chimene chinandigwira n'chakuti mawuwa satchula tcheni, satchula mphete, satchula phokoso. Amatchula ntchito imene munthuyo anachokera. Amamuuza kuti ngakhale udzole mafuta onunkhira bwanji, ife tikumvabe fungo la zikopa. Ndipo onenawo anali omwe aja a mahotela, atelala ndi ogulitsa ndolo, amene ankadya ndalama za zikopazo.

## Chikopa ndimachidziwa

Mwina mawuwa sakanandipweteka ndikanakhala wa kwina. Koma ine ndinakulira pakati pa ng'ombe, ndipo ndikudziwa kukoka chikopa n'kutani.

Pa mwambo wa chiliza womwewo, ng'ombe itaphedwa m'mamawa, anthu onse anathamangira ku nyama. Chikopa chinatsala ndi mkulu wina wa m'mudzi ndi mdzukulu wake. Chikopa chaiwisi cha ng'ombe yaikulu ndi cholemera, choterera, sungachinyamule pamutu. Anachigwira mbali ya kukhosi, mwanayo mbali ya kumchira, n'kuchikoka m'fumbi mpaka kuseri kwa nyumba. Kumeneko anachitambasula, ubweya pansi, n'kuboola m'mphepete ndi mpeni, n'kukhomera zikhomo kuti chisakwinyike. Ndiye kupala mafuta ndi tinyama totsalira, pang'onopang'ono kuti mpeni usapyoze, ntchentche zili ng'waa, agalu akuzungulira, mwana uja ali ndi mkwapulo. Kenako mchere. Manja amanunkha mpaka mawa ngakhale usambe ndi sopo. Chikopa chimenecho ndicho chimakalira pa ng'oma tikamavina, ndipo kale ndicho chinkaluka mipando ndi zingwe za goli.

Ife a kuchigwa timadziwanso kudyedwa uku ukusekedwa. Malole a ng'ombe za ku Ngabu ndi ku Bangula amakwera phiri kupita ku Blantyre, shuga wa pa Nchalo ali m'kapu ya tiyi ya dziko lonse, thonje lathu lapita kwa zaka zambirimbiri. Koma mwana wa ku Nsanje akafika m'tauni n'kulankhula Chichewa chomveka Chisena, amamuyeserera. Amamufunsa za ng'ona ndi madzi osefukira. Ndikudziwa anzanga amene anasiya kunena kuti takhuta pothokoza, kuopa kudziwika kumene achokera. Choncho nditamva kuti rasta wa a Papa ndi wokoka zikopa, sindinaone munthu wa ku Argentina. Ndinaona anthu akwathu.

## Pokwera Thabwa

Mwambo utatha, msuweni wanga anandidzutsa kusanache. "Asuweni, tandiperekezani ku Blantyre. Koma musauze amayi."

Tinadutsa Dyeratu kukali mbuu, tinawoloka Shire pa mlatho, ndipo titangopitirira pa Thabwa tinapezeka kumbuyo kwa lole ya ng'ombe imene inkakwera phiri movutika. Msewu uja ndi wokhotakhota, kupitirira n'kosatheka, ndiye tinangotsatira, ndowe zikudontha kutsogolo kwathu. Anazimitsa wailesi. Anavula tcheni n'kuliika m'thumba la malaya.

"Galimotoyi si yanga," anatero. "Ndinachita hayala. Ikufunika ifike isanakwane naini, apo ayi andilipiritsa tsiku lina."

Anali atabwera pa basi, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, miyendo itatupa. Atatsika pa Wenela anakasamba kwa mnzake ku Ndirande, navala jekete lija, nakatenga galimoto. Ndalama ya hayala inali ya miyezi imene ankadya kamodzi patsiku.

Ndinamufunsa za ntchito yake, chifukwa kumudzi ankangoti ali pa kampani. Anati m'mawa amatsitsa katundu pa shopu ya mwenye wina, matumba a ufa ndi mpunga, ndipo Loweruka ndi Lamlungu amatchetcha kapinga m'nyumba za azungu. Amagona m'kanyumba ka malata ndi anyamata ena a ku Mangochi. Akamva kuti apolisi akufunsa mapepala, tsiku limenelo sapita kuntchito, ndipo salipidwa. Mu 2015, pamene alendo ankathamangitsidwa ku Durban ndipo mabasi ankabweza anthu athu kumudzi, iye anabisala m'nyumba ya bwana wake wa kapinga, kugona m'chipinda chosungira makasu. Kumeneko dzina lake ndi kwerekwere, mawu onyozera alendo. Palibe amene amafuna kudziwa dzina limene atsibweni anamupatsa.

"Nanga bwanji osangobwera pa minibasi, ndalamazo n'kugula mbuzi?"

Anandiyang'ana kanthawi. "Asuweni, inu mumakhala konkuno. Ndikanatsika pa kabaza ndi kachikwama, amayi akanapita bwanji kuchigayo? Akanati mwana wanu uja anapita kukatani? Zaka zonsezi amayi akhala akuwauza anthu kuti ndili bwino. Ine ndinabwera kudzawaonetsa kuti amayi sananame."

Ndinalibe choyankha. Ndinakumbukira azibambo a kuseri kwa khola aja. Akanafika wapansi, akanamuseka kuti Joni yamukana. Wafika pa galimoto, amuseka kuti waiwala kumene anachokera, uku akutambasula dzanja. Galimoto ija inali ngati diresi la mkwatibwi lochita kubwereka: aliyense amadziwa kuti mawa libwerera kwa eni ake, koma tsiku laukwati timalifuna ndithu, ndipo mkwatibwi akabwera ndi chitenje cha masiku onse ndife oyamba kunyogodola.

Tinapereka galimoto nthawi isanakwane. Mwini wake anaizungulira kufufuza mikwingwirima, nadandaula za fumbi. Pobwerera tinakwera minibasi, ndipo msuweni wanga anapempha kuti titsike patali ndi mudzi, tidikire kude. Kunyumba anakanena kuti galimoto yatsala ku galaja.

## Mawu athu

Si Afalansa okha ali ndi mawu otere. Ifenso tili nawo, ndipo ambiri ndi obwereka. Timati akushaina. Timati watchena ngati wa ku Joni. Amene anapita osabwerako timati mtchona. Joni yemweyo ndi Johannesburg amene tinamudula kuti akwane pakamwa pathu, ndipo siteji ya mabasi ya Wenela ikusungabe dzina la bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi.

Agogo athu ndiwo anayamba ulendowu. Ena anapita ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena kumigodi ya golide. Ankabwera ndi sutikesi yachitsulo, njinga, wailesi, chipewa ndi jasi, n'kumalankhula Chifanakalo, chinenero cha kumigodi, pa mowa. Mudzi unkawaimbira nyimbo zowatama ndi zowajeda nthawi imodzi. Za pansi pa mgodi sankanena zambiri, ndipo chifuwa chimene ena anabwera nacho tinkachimva usiku basi. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo a Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Zinayambiranso pansi pa bungwe la TEBA mpaka 1988. Lero palibe amene amakulemba, umapita wekha, koma chimene mudzi umayembekeza kwa wobwerako sichinasinthe. Sutikesi yachitsulo inangosanduka galimoto.

Sindikunena kuti kudzionetsera n'kwabwino. Kumandiwawa. Ndalama ya hayala ija ikanafolera nyumba ya azakhali, imene denga lake limadontha chaka chilichonse. Ndipo alipo ena odzionetsera amene ndi amwano enieni, olankhula ndi akulu manja ali m'thumba, owononga ana asukulu ndi timafoni. Amenewo tiwadzudzule pa khalidwe lawolo. Chimene ndikukana ndi chija chili m'kati mwa mawu a ku Paris, chomwenso chinali m'kuseka kwa kuseri kwa khola: kuti wodyetsa ng'ombe za eni ake analakwa kukwera galimoto.

Chigwa chino sichiyenera kudabwa ndi obwera amene akwera. Amagololo anafika kuno ndi David Livingstone ngati onyamula katundu, natsala m'ma 1860, ndipo lero Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima ndi mayina a mafumu athu. Pa nkhondo ya ku Mozambique, isanathe mu 1992, midzi ya ku Nsanje inadzaza ndi othawa, ndipo ambiri a ife tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri za malire. A Papa eni ake ankanenedwa. Ndinamvapo anthu akuti, "Anabwera ndi kapepala ka pulasitiki, lero ali ndi mafiriji atatu," chonsecho akukatenga shuga pa ngongole kwa iwo omwewo. Mu 2023, pamene othawa kwawo anauzidwa kuti abwerere kumsasa wa Dzaleka ku Dowa, golosale ija inatsekedwa, ndipo sindinawaonenso.

## Mng'ono wake

Chimene galimoto ija inasiya m'mudzi chinaoneka patapita miyezi. Mng'ono wake wa msuweni wanga, amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4, anayamba kuvuta kuti agulitse ng'ombe ziwiri za pangolo apeze ya pasipoti ndi ya basi. Ng'ombe zimenezo ndizo zimatuta thonje ndi mapira, ndizo zimatengera odwala kumsewu. Mnyamatayo sankamva za wina aliyense. Iye anaona galimoto ndi maso ake.

Ndinaimbira mkulu wake pa WhatsApp. Ndinamuuza kuti zimene anandiuza pa Thabwa sindinauze munthu, ndipo sindidzauza, koma mwanayu ayenera kuzimva kuchokera pakamwa pake iyeyo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ndimupatse foni. Analankhula mpaka batire kutha. Ndinali chapatali, koma ndinaona mnyamatayo atakhala pa goli, mutu uli pansi, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi.

Anapitabe. Kuno ntchito ya shuga ndi ya nyengo, ndipo madzi a namondwe Freddy anali atakokolola munda wawo wa kudimba. Koma ng'ombe za pangolo sizinagulitsidwe. Anagulitsa kathole kamodzi, mkulu wake anawonjezera yotsalayo, nakamulandira yekha pa siteji ya Park Station ku Joni. Anapita akudziwa za kanyumba ka malata, za mapepala, ndi dzina limene akamutche.

Ine ndinapita kwa azakhali ndi pempho limodzi. Ndinati anyamatawa akamadzabwera, tidzawauze kuti asavutike ndi galimoto, tidzakawachingamira pa siteji ndi ngolo, ndalamazo adzagule malata. Apa m'pamene ndinadziwa kuti za hayala ankazidziwa kuyambira tsiku loyamba. Anati anaona nambala ya galimotoyo kuti ndi ya konkuno.

"Iwe mwanawe," anatero, akupeta mapira osandiyang'ana, "malata ndikuwafuna, usaganize kuti sindikuwafuna. Koma iwe sunakhalepo mkazi wamasiye pamudzi pano. Chimwalirireni atsibweni ako, pa maliro ankandikhazika kumapeto, pa msonkhano wa mpingo ndikayankhula ankangopitiriza zawo. Chibwerereni galimoto ija amandipatsa mpando. Ukawauze anawo zimene ukufunazo, ine sindiletsa. Koma ukawauzenso anthu a m'mudzi muno, chifukwa amene amafuna galimotoyo si ine ndekha."

Anyamatawo akuti abwera Disembala ikubwerayi, ndipo nkhani ya ngolo sitinagwirizanebe.